Mmene mungasiyanitsire katchulidwe ka kwawo kwa mwana ndi kulankhulira m'mphuno

M'sukulu zambiri za m'boma la Mangochi, makamaka cha ku Namwera, Katuli ndi Makanjira, mwana amalowa Sitandade 1 akulankhula Chiyao, ndipo Chichewa amakachipeza m'kalasi, nthawi zambiri kwa mphunzitsi wochokera ku boma lina. Mphunzitsiyo akamva mwana akunena "nguku" pamene iye amayembekezera "nkhuku", kapena "mundu" m'malo mwa "munthu", amatha kugamula msanga kuti mwanayo amalankhulira m'mphuno. Kulakwitsa kwina, kumene kuli koopsa kuposa uku, n'kwakuti mwana amene mpweya ukumuthawiradi m'mphuno chifukwa cha vuto la m'kamwa amangosiyidwa zaka ndi zaka, akuluakulu n'kumati ndi lilime la kwawo, lidzawongoka lokha akamakula. Katchulidwe ka dera ndi chizolowezi chimene munthu amatengera kwa anthu amene wakulira pakati pawo, pamene kulankhulira m'mphuno ndi nkhani ya njira imene mpweya ukudzera m'thupi. Malangizo otsatirawa ndi a aphunzitsi, makolo ndi alezi a m'sukulu za mkombaphala, ndipo safuna chipangizo china choposa kagalasi koonera nkhope, tochi ya pa foni ndi khutu lodekha.

Musanayese mwana aliyense, dziwani kaye mmene mawu amatulukira. Mukayendetsa lilime kumwamba kwa m'kamwa kuchokera kumano kupita kumbuyo, mumayamba mwakhudza malo olimba a fupa, kenako malo ofewa amene amathera pa kanyama kolendewera kaja kamene kamaoneka munthu akayasamula. Malo ofewawo amagwira ntchito ngati chitseko cha pakati pa kamwa ndi mphuno. Tikamatchula m, n, ny ndi ng', chitsekocho chimatsika ndipo mpweya umadzera m'mphuno, monga mmene ziyenera kukhalira. Tikamatchula mawu ena onse a Chichewa kapena a Chiyao, chimakwera n'kutseka, kuti mpweya uunjikane m'kamwa ndi kutuluka mwamphamvu pa p, b, t, d, k, g, s ndi ena otero. Choncho mavuto a m'mphuno alipo awiri otsutsana, ngakhale kuti anthu amawatchula ndi dzina limodzi. Pali pamene chitseko chikulephera kutseka, mpweya n'kumathawira m'mphuno pa mawu amene sayenera kudzera kumeneko, ndipo pali pamene mphuno yatsekeka, mpweya n'kumalephera kudutsa ngakhale pa m ndi n.

Gawo loyamba: mvetserani mwanayo m'chilankhulo cha kwawo

Musayambe ndi Chichewa cha m'buku. Pezani munthu wamkulu amene Chiyao ndi chilankhulo chake chobadwa nacho koma si wa m'nyumba mwa mwanayo, monga mphunzitsi mnzanu kapena mayi wa m'komiti ya sukulu, ndipo mumupemphe acheze ndi mwanayo momasuka za kunyanja, za mbuzi za kwawo kapena za masewera. Chifukwa chosankhira munthu wapadera n'chakuti mayi ake ndi agogo ake anazolowera kale kalankhulidwe ka mwanayo, moti amamva zonse ngakhale pamene mlendo sangatolepo kanthu. Akatha kucheza, mufunseni funso limodzi lolunjika: kodi mwanayu akulankhula ngati ana anzake a msinkhu wake a m'mudzi mwawo? Ngati yankho lili lakuti inde, ndipo Chiyao chake chikumveka bwino lomwe, ndiye kuti zimene mukumva m'kalasi ndi katchulidwe chabe. Vuto la thupi silisankha chilankhulo, ndipo mwana amene chitseko chake sichitseka amamveka chimodzimodzi m'Chiyao, m'Chichewa, m'Chingerezi ngakhale poimba.

Pano pafunika chenjezo laling'ono lokhudza ana amene amapita ku madrasa, amene ndi ambiri m'boma lino. Powerenga Qur'an motsata malamulo a kawerengedwe, ana amaphunzitsidwa kutulutsira mawu ena m'mphuno mwadala ndi kuwakoka pang'ono, makamaka pa zilembo za Chiarabu za nuni ndi mimu (n ndi m), ndipo luso limeneli limatchedwa ghunna. Mwana amene walidziwa bwino amatha kulowetsa kamvekedwe kameneka powerenga mokweza kapena poloweza ndakatulo m'kalasi. Zimenezi zisakudetseni nkhawa, chifukwa mwana amene amatha kutsegula ndi kutseka njira ya m'mphuno pamene wafunira akusonyeza kuti minofu yake ikugwira ntchito bwino. Mumvetsereni pa bwalo la masewera akukangana ndi anzake za mpira, ndipo mudzapeza kuti kamvekedwe kaja kulibe.

Gawo lachiwiri: lembani mawu amene akusintha

Tengani kope ndipo kwa masiku angapo muzilemba mawu amene mwanayo akutchula mosiyana ndi inu, mbali ina mmene mumayembekezera, mbali ina mmene watchulira. Katchulidwe ka dera kamakhala ndi dongosolo lake, ndipo mukadziwa pang'ono za Chiyao dongosololo limaonekera msanga. M'Chiyao, p, t ndi k zikabwera pambuyo pa m kapena n zimafewa n'kukhala b, d ndi g, ndiye chifukwa chake nkhuku ndi "nguku" ndipo munthu ndi "mundu". Apa ndi pamene khutu la mlendo limanamizika kwambiri, popeza "nd" ndi "ng" zimamveka ngati zatsamira kumphuno kuposa "nth" ndi "nkh", chonsecho mpweya ukudzera njira yake yoyenera. Chiyao chilibenso z m'mawu ake enieni, n'chifukwa chake mbuzi ndi "mbusi" ndipo zikomo ndi "sikomo". N wa patsogolo pa s amagwa, moti nsomba ndi "somba". Komanso Chiyao sichisiyanitsa p ndi ph, t ndi th, kapena k ndi kh monga chimachitira Chichewa, choncho mwana akhoza kutchula "pala" ndi "phala" mofanana osaona kuti pali kusiyana kulikonse.

Ngakhale pakati pa olankhula Chichewa okhaokha katchulidwe si kamodzi. Ena amati "kubzala" ena "kudzala", ena amati "mabvuto" ena "mavuto", ena amati "tsiku" ena "siku", ndipo ŵ wa m'dzina la Malaŵi amamveka pakamwa pa anthu ena koma pa ena anazimirira. Chichewa chimene chili m'mabuku a sukulu chinachita kusankhidwa ndi kukonzedwa: chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, bungwe loyang'anira Chichewa linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Mabungwe amenewa anakonza malamulo a kalembedwe, koma sanalamule kuti mwana wa ku Malindi kapena wa ku Monkey Bay azimveka ngati wa ku Kasungu. M'boma ngati lino, momwe Ayao ndi Anyanja a m'mbali mwa nyanja akhalira limodzi kwa mibadwo, momwe ena amalowa ndi kutuluka pa chipata cha Chiponde popita ku Mozambique, ndipo abambo ambiri amabwera kuchokera ku Joni lilime litasintha, n'zosadabwitsa kumva katchulidwe kosiyanasiyana m'kalasi imodzi.

Mndandanda wa mwana wolankhuliradi m'mphuno umaoneka mwa mtundu wina. B amamveka ngati m, d amamveka ngati n, moti "bambo" amayandikira ku "mamo". P, t ndi k zimatuluka zofooka ngati zilibe mphamvu, s amatsagana ndi kamphepo kofwenthera m'mphuno, ndipo ana ena amakwinya mphuno polankhula poyesa kutchinga mpweya umene ukuthawa. Ena amasiyiratu kutchulira mawuwo pamilomo ndi palilime, n'kumawadulira pakhosi ngati munthu amene akutsokomola pang'ono. Kusintha kotereku simungakupeze mwa ana ena a m'mudzi mwawo, ndipo palibe lamulo la Chiyao limene lingakufotokoze.

Gawo lachitatu: yesani ndi kagalasi

Kuyesa uku ndi kumene kumathetsa mkangano, chifukwa zotsatira zake zimaoneka ndi maso. Konzani ziganizo zimene mulibe m, n, ny kapena ng' ngakhale mmodzi, monga "Usipa uli pa bwato", "Atate apita ku sitolo" ndi "Kalulu akudya kabichi". Kwa mwana amene Chichewa sichinamulowe, mawu a Chiyao monga "atati" ndi "ugali" akwanira, kapena angobwereza "pa pa pa", "ti ti ti", "ku ku ku" ndi "si si si". Pewani mawu okhala ndi z kapena dz, chifukwa mukatero mudzakhala mukuyesa Chichewa chake osati mphuno yake.

Kagalasi kayenera kukhala kozizira, apo ayi sikachita nthunzi. Kutentha kwa ku Mangochi mu Okutobala ndi Novembala kumatha kulepheretsa kuyesaku masana, choncho chitani m'mawa, kapena viikani kagalasiko m'madzi a mumtsuko n'kukapukuta kaume musanayambe. Supuni yachitsulo yonyezimira imagwiranso ntchito. Muuzeni mwanayo ayambe kulankhula, ndipo ali mkati molankhula ikani kagalasiko pansi pa mphuno, pamwamba pa mlomo, kenako mukachotse asanamalize chiganizo. Izi n'zofunika kuzitsata bwino, popeza mwana aliyense amapumira m'mphuno asanayambe ndiponso akangomaliza kulankhula, ndipo mpweya wa kupumako umachititsa nthunzi imene ingakunamizeni. Ngati kagalasi katuluka kouma pa ziganizo zopanda m ndi n, chitseko chikutseka bwino. Ngati pakuoneka timadontho tiwiri ta nthunzi mobwerezabwereza, mpweya ukuthawa. Yesani kaye pa inu nokha ndi pa ana ena awiri kapena atatu ngati sewero, kuti dzanja lanu lizolowere komanso kuti mwana amene mukumukayikirayo asadzione ngati wasankhidwa pa gulu.

Mukatero muuzeni akoke mawu akuti "iii" kapena "uuu", inu n'kumatsina mphuno yake mofatsa ndi kuisiya, kutsina ndi kuisiya. Kwa mwana amene alibe vuto, mawuwo sasintha, chifukwa mpweya sumadzera kumeneko n'komwe. Kwa mwana amene mpweya ukuthawa, mawuwo amasintha nthawi iliyonse imene mwatsina, n'kumamveka ngati atsekeredwa mkati. Sankhani "i" ndi "u" osati "a", popeza pa mawu awiriwa vutoli limamveka kwambiri.

Nthawi zina kagalasi kamachita nthunzi pa liwu limodzi lokha, kawirikawiri s kapena ch, pamene p, t ndi k zikutuluka zamphamvu ndi zoyera. Mwana wotere chitseko chake chimatseka, koma anaphunzira molakwika malo otulutsira liwu limodzilo, ndipo chimene akufunika ndi kuphunzitsidwa, osati opaleshoni. Lembani zimenezi momveka bwino, chifukwa zidzathandiza a chipatala.

Gawo lachinayi: onani ngati mphuno yatsekeka

Tsopano tembenuzani kuyesako. Gwiritsani ntchito ziganizo zodzaza ndi m ndi n, monga "Amayi anyamula mwana" kapena "Mwana amamwa mkaka m'mawa". Apa kagalasi kayenera kuchita nthunzi, ndipo mukatsina mphuno mawu ayenera kusintha kwambiri. Ngati "amayi" akumveka ngati "abayi", "mwana" ngati "bwada", ndipo kutsina sikukusintha kanthu, mphuno ndi yotsekeka. Chimfine ndicho chimachititsa izi kawirikawiri, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamene mwera ukuwomba panyanja, ndiponso nthawi ya fumbi, choncho dikirani milungu iwiri kapena itatu mubwerezenso. Zikapitirira kwa miyezi, funsani makolo ngati mwanayo amagona kukamwa kuli yasa, ngati amachita nkonono usiku, ndiponso ngati amadzidzimuka ngati wabanika. Zizindikiro zimenezi zimaloza ku kutupa kwa tinyama ta kuseri kwa mphuno timene madokotala amatitcha adenoids, ndipo timatha kutsekanso njira ya m'khutu mwana n'kuyamba kumva movutikira.

Mphuno imodzi yokha ikatsekeka n'kumatuluka mamina onunkha, ganizirani za njere ya chimanga, nyemba kapena mkanda umene mwana anadzilowetsa posewera. Musatokose ndi kamtengo kapena chibiriti, chifukwa mungakankhire chinthucho mkati. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Gawo lachisanu: funsani mbiri ndipo yang'anani m'kamwa

Khalani pansi ndi mayi ake kapena amene anamulera, ndipo mufunse mwaulemu, pambali, osati pa msonkhano wa makolo. Kodi ali khanda ankayamwa bwino, kapena ankatopa msanga ndipo mkaka unkatulukira m'mphuno? Kodi mpaka pano madzi kapena phala lamadzimadzi zimabwerera m'mphuno akamamwa? Kodi makutu amatuluka mafinya kawirikawiri? Kodi kalankhulidwe kameneka anabadwa nako, kapena kanayamba atadwala malungo aakulu, matenda oumitsa khosi kapena atavulala m'mutu? Mayankho a mafunso amenewa ndi ofunika kuposa maganizo a wina aliyense pa za lilime la kwawo.

Kenako, makolo ali pomwepo, muuzeni mwanayo ayasamule n'kunena "aaa", inu mukuunika ndi tochi ya pa foni. Musalowetse chala kapena supuni. Mwa mwana wopanda vuto mudzaona malo ofewa aja akukwera m'mwamba. Mng'alu wa kumwamba kwa m'kamwa ukakhala waukulu umaoneka mosavuta, ndipo umatha kukhalapo ngakhale mlomo uli wabwinobwino, n'chifukwa chake ana ena amafika msinkhu wa sukulu asanauzindikire. Palinso mng'alu wobisika pansi pa khungu la m'kamwa, umene zizindikiro zake ndi kanyama kolendewera kogawanika pawiri ndi kamzere kotuwa pakati pa malo ofewawo. Kanyama kogawanika pakokha si umboni wa matenda, popeza anthu ena ali nako ndipo amalankhula bwino, koma kakapezeka pamodzi ndi nthunzi pa kagalasi ndiye kuti dokotala ayenera kuona. Padziko lonse, mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 700 amabadwa ndi mng'alu wa mlomo, wa kumwamba kwa m'kamwa kapena zonse ziwiri, choncho si chinthu chachilendo, ndipo sichibwera chifukwa cha kulodzedwa kapena kulakwa kwa mayi.

Yesaninso makutu mwachidule. Imani kumbuyo kwake, pamene sakuona milomo yanu, n'kutchula mawu odziwika motsitsa kuti abwereze. Mwana wosamva bwino amathanso kulankhulira m'mphuno chifukwa sadzimva yekha mokwanira kuti akonze mawu ake.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: chitani mogwirizana ndi zimene mwapeza

Ngati Chiyao cha mwanayo chili bwino, kagalasi kauma ndipo kusintha kwa mawu kukutsata dongosolo la kwawo, palibe choti muchiritse. Ntchito yanu ndi kumuphunzitsa mawu atsopano a Chichewa monga mmene mungaphunzitsire china chilichonse, ndipo muyambe ndi amene amasintha tanthauzo kapena kusokoneza kalembedwe. Gwirizani kapepala kopyapyala patsogolo pa milomo yake n'kumuuza anene "pala" kenako "phala", "kola" kenako "khola", aone yekha kuti pa mawu achiwiriwo kapepalako kakugwedezeka. Pa s ndi z, aike dzanja pakhosi amve kunjenjemera kumene kumabwera pa z pokha. Ine sindiona phindu lomuimitsa mwana pakati pa chiganizo kuti akonze "sikomo", chifukwa mwana wokonzedwa pa liwu lililonse amasiya kukweza mkono, ndipo amene wasiya kulankhula m'kalasi saphunziranso Chichewacho. Makolo asauzidwenso kuti asiye Chiyao pakhomo, pakuti kudziwa zilankhulo ziwiri sikuyambitsa vuto la kalankhulidwe.

Ngati kagalasi kachita nthunzi pa mawu opanda m ndi n, kapena mphuno yakhala yotsekeka kwa miyezi, kapena mwaona chachilendo m'kamwa, lembani zonse papepala limodzi: ziganizo zimene munagwiritsa ntchito, zimene munaona, ndi zimene mayi ake anafotokoza. Pepalalo lipite pamodzi ndi buku la kuchipatala la mwanayo ku chipatala chaching'ono cha m'dera lanu kapena kwa mlangizi wa zaumoyo, amene angakutumizeni ku chipatala cha boma cha Mangochi. Kuchokera kumeneko, ofunika akatswiri amatumizidwa ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi komanso malo oyezera kamvedwe. Bungwe la Operation Smile limagwira ntchito m'dziko muno yosoka milomo ndi m'kamwa mong'aluka kwaulere, ndipo a chipatala angakuuzeni nthawi ndi malo olembetsera. Madokotala amakonda kusoka kumwamba kwa m'kamwa mwana asanapitirire chaka ndi theka, asanazolowere kudulira mawu pakhosi, koma wamkulu kuposa pamenepo amathandizidwabe. Opaleshoni imakonza chitseko koma sichotsa zizolowezi zakale, choncho akabwerako amafunika kuphunzitsidwanso p, t, k ndi s pang'onopang'ono. Mphunzitsi wamkulu adziwitse mlangizi wa maphunziro wa zoni kuti mwanayo alumikizidwe ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga amene amaphunzira ntchitoyi ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu.

Malangizo onsewa ndi a vuto limene lakhalapo kwa nthawi. Munthu wamkulu kapena mwana amene amalankhula bwino dzulo, lero n'kuyamba mwadzidzidzi kulankhulira m'mphuno, lilime likulemera, madzi akubwerera m'mphuno pomeza, mbali imodzi ya nkhope itagwa kapena mkono utafooka, sayenera kuyesedwa ndi kagalasi kapena kudikirira mawa. Zimenezi zikhoza kukhala sitiroko kapena matenda ena a mitsempha, ndipo ayenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, osamupatsa chakudya kapena chakumwa panjira chifukwa angatsamwe.